Lufeyo ndi Imelo ya Apongozi

Mwambi umene ndikusiyireni lero, ana inu, unayamba motere. Sindiutchula msanga, pakuti mwambi uli ngati mchira, umabwera pambuyo. Ena adzakuuzani kuti ndi wakale kuposa makompyuta, ndipo ine sindingakangane nawo. Koma kwathu ku Ntchisi mukautchula, anthu saganiza za makolo akale. Amaganiza za Lufeyo.

Lufeyo anali mkamwini m'mudzi mwathu. Anakwatira Felesiya, mwana wa aNachisale, ndipo anabereka mwana wamkazi dzina lake Mwatitha. Anali munthu wabwino, wolimbika pa khasu, wosamwa. Vuto lake linali limodzi: ulemu wake kwa apongozi unapyola muyeso. Mwambo mukuudziwa, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Ambiri masiku ano anaufewetsa, koma Lufeyo akangoona chitenje cha aNachisale patali ankalumphira m'chimanga ngati waona njati. Chilichonse chofuna kuwauza chinkadzera mwa mkazi wake.

ANachisale anali msungichuma wa gulu la alimi a njuchi. Ndalama zonse za uchi wa chaka chimenecho zinali ku banki, ndipo mabanja ankazidikira kuti agulire feteleza mvula isanagwe. Mayiwa ankayendetsa za gululo pa laputopu, ndipo poti nyumba ya Lufeyo ndiyo inali ndi sola, laputopuyo inkatchajidwa kumeneko. Chimene Lufeyo ankayesa kuti aNachisale sakudziwa n'chakuti ikadzaza moto, iye ankatseka chitseko n'kumaonerapo mpira.

Tsiku lina m'mawa, Felesiya atapita ku maliro kutsidya, Lufeyo anatsegula laputopu ija kuti aone zigoli za dzulo. M'malo mwa zigoli anapeza imelo ya apongozi ili yotsegula, ndipo pamwamba panali uthenga wa zilembo zofiira. Unali m'Chingerezi, koma Lufeyo anafika Fomu 2, anaugwira mutu wake. Unkati: "Wokondedwa kasitomala, chitetezo cha kompyuta yanu ku mavayirasi tachiwonjezera chaka china. Lero lomwe tidula ndalama ku akaunti yanu. Ngati simukufuna, imbani nambala iyi msanga." Ndalama zimene anatchulazo zinali zogulira ng'ombe.

Munthu wodekha akanaona zinthu zingapo. Uthengawo sunatchule dzina la aNachisale ngakhale la gulu. Adiresi imene unachokera inali zilembo zosokonekera ngati nkhuku yapalasa. Ndipo chachikulu, palibe amene analembetsa chitetezo chimenecho. Koma tisamuweruze msanga Lufeyo. Amene amaonera mpira pa intaneti amadziwa kuti pamatumphuka timabokosi tambirimbiri, ndipo iye ankangodina paliponse kuti tichoke. Choncho mtima wake unamuuza kuti, "Ndine ndagula chinthuchi. Ndadya ndalama za mudzi wonse ndi chala chimodzi."

ANachisale anali pafupi, m'kanyumba kofinyiramo uchi kuseri kwa khola. Kukanangotengera kufika pakhomo n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi munalembetsa zakutizakuti?" Koma kufunsa kunali kuulula za mpira, ndiponso kunali kulankhula ndi apongozi popanda Felesiya. Lufeyo anasankha chimene chinkaoneka chophweka. Anaimba nambala ija.

Anayankha ndi mwamuna wa mawu osalala. Anayamba ndi Chingerezi chothamanga, koma atamva kuti Lufeyo akupunthwa, anatembenukira ku Chichewa cha m'tauni.

"Musadandaule, bwana wanga. Mwachita bwino kuimba. Mukanachedwa pang'ono bwenzi zitapita."

Lufeyo anali asanatchedwepo bwana chibadwire. Anakhala tsonga n'kukonza kolala.

"Ndiye ndichite chiyani, achimwene?"

"Kanthu kochepa. Ndikutumizirani kapulogalamu, mukaike pa kompyutapo kuti ndilowe ndikukonzereni. Muli nokha?"

"Ndili ndekha."

"Zabwino. Musauze munthu. Anthu akachuluka amasokoneza ntchito."

Mawu amenewa anamukomera Lufeyo kuposa onse, poti ndi zimene iyenso ankafuna. Anadina pamene anauzidwa kudina. Posakhalitsa kamuvi ka pa laputopu kanayamba kuyenda kokha, iye manja ali pamwendo.

"Amayo! Kakuyenda kokha!"

"Ndine ameneyo, bwana. Ndiye ukatswiri wake."

Kamuvi kanayenda mpaka kanatsegula tsamba la banki. ANachisale, potopa ndi kuiwala, anali atasiya mawu achinsinsi olowera kuti kompyuta iziwakumbukira yokha, choncho chitseko chinangotseguka. Lufeyo anaona ndalama za gulu zili mbee.

"Kwatsala kamodzi kokha," anatero mwamuna uja. "Banki itumiza nambala pa foni ya mwini akaunti. Mukandiwerengera, ndiletsa kudulako, nkhani yatha. Foniyo muli nayo?"

"Ili ndi apongozi."

"Katengeni."

"Achimwene, ndati apongozi."

"Bwana, kaya ndi apongozi kaya ndi abusa, nthawi ikutha. Thamangani, osadula foni!"

Lufeyo anaika foni yake m'thumba la malaya ikadali yoyaka, n'kuyenda ngati wopita kokanyongedwa. Atafika pa kanyumba kaja anagwada pakhomo chammbali, nkhope atalozetsa ku khola.

"Odi, amayi."

ANachisale anali atapereka msana, manja ali m'chidebe, akufinya zisa. Anadabwa, pakuti mawu a mkamwini wawo ankangowamvera patali.

"Lowani, bambo a Mwatitha. Kwagwanji?"

Apa ndiye panali pofunsira. Lufeyo anatsegula pakamwa, koma lilime linakana, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Ayi, kulibe. Ndangomva... fungo la uchi."

"Ha! Mpaka kugwada chifukwa cha fungo? Tapani m'beseni lili pakhomopo."

Pakhomopo panali mabeseni awiri. Limodzi linali la zisa zonona uchi. Linalo linali la zofinya kale, zoumbidwa mibulu ngati mazira a bakha, zofunda ndi dzuwa, zodikira kukasungunulidwa. Lufeyo sanafunse kuti beseni lake liti, ndipo sakanatha kuyang'ana poopa kuona apongozi. Anangotambasula dzanja chakumbuyo, natola m'bulu umodzi, naponya wonse m'kamwa kuti aoneke wosangalala.

Atangoluma anadziwa. Linali phula lokhalokha. Mano akumwamba anamira, akumunsi anamira, ndipo onse anagwirana ngati apangana. Kulavula pamaso pa apongozi sikukanatheka. Kumeza, m'buluwo unakana.

Nthawi yomweyo foni ya aNachisale, imene inali pampando pafupi ndi khomo, inalira.

"Tandiwerengereni uthengawo, bambo a Mwatitha. Manja angawa ali uchi wokhawokha."

Taonani mwayi wa wakuba, ana inu! Foni ili m'manja mwa Lufeyo, nambala ili pamaso pake, apongozi apereka msana. Iye anasolola foni yake m'thumba n'kuiika pakhutu.

"Yafika?" ananong'ona mwamuna uja. "Werengani!"

"Mmm," anatero Lufeyo.

"Mwati chiyani? Faifi?"

"Mmmf. Mmm-mmm!"

"Bwana, musandiseweretse. Tchulani manambala!"

Lufeyo anakoka nsagwada ndi mphamvu zake zonse. Misozi inatuluka, dovu linatsikira pa malaya, koma nambala ngakhale imodzi sinatuluke. Wakubayo analeza mtima pang'ono, kenako ubwana wonse unatha.

"Iwe! Ndiwe munthu kapena ng'ombe? Werenga nambalayo, chitsiru!"

Anakuwa kwambiri moti mawuwo anamveka m'kanyumba monse. ANachisale anamva kubuula ndi kutukwana, naganiza kuti njuchi yamuluma mkamwini pakhosi. Anaiwala mwambo, natembenuka, namuyang'ana m'maso koyamba chikwatirire mwana wawo. Anaona munthu wamkulu atagwada, masaya atatupa, foni kudzanja ili, foni kudzanja ilo.

Anapukuta manja pa chitenje n'kulanda foni yawo. Anawerenga mokweza pang'onopang'ono, akudumpha manambalawo: "Nambala yovomerezera kutumiza ndalama. Musauze munthu aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa ku banki."

Kenako analanda inayo.

"Halo. Ndikulankhula ndi ndani?"

Mawu aja anasalalanso. "Mayi, ndife a chitetezo cha kompyuta yanu. Tikufuna kukubwezerani ndalama zanu."

"Zikomo, mwanawe. Dzina langa ndani?"

"Ndinu... kasitomala wathu wokondedwa."

"Wokondedwa wopanda dzina? Nanga ndinalembetsa liti? Ndinalipira ndi chiyani, uchi?"

"Mayi, nthawi ikutha..."

"Ikuthera iwe. Ine ndili ndi zidebe zoti ndifinye. Kubweza ndalama kumafuna nambala yotumizira ndalama? Amako akudziwa kuti umagwira ntchito imeneyi?"

Foni inaduka.

ANachisale sanataye nthawi ndi kukalipa. Anathamangira kunyumba ya Lufeyo, napeza kamuvi kakuyendayenda ngati khoswe wosowa potulukira, nazimitsa laputopuyo. Anatenga khadi lawo la banki n'kuimba nambala yolembedwa kumbuyo kwake, osati ya mu imelo. Lufeyo anaima panja, atagwira nsagwada, akudikira chiweruzo. Atatuluka aNachisale anapumira m'mwamba.

"Zilipo zonse. Sanatenge ngakhale tambala. Atseka kaye akauntiyo mpaka ndikasinthe mawu achinsinsi, ndipo laputopuyi ipite ku boma akaichotse zimene mwaikamo."

Lufeyo anakhala pansi pafumbi. ANachisale anamupatsa madzi otentha, ndipo phula lija linatuluka pang'onopang'ono, mothandizidwa ndi kamtengo. Nsagwada zitamasuka anaulula zonse, za mpira, za timabokosi, za ubwana wake waufupi uja. Ankayembekezera kuti amuuza amange katundu abwerere kwawo.

Koma aNachisale anati, "Za mpirazo ndinkazidziwa. Mumakuwa chigoli chikalowa, mumayesa makoma a nyumbayi ndi a simenti? Nanenso ndili ndi mbali yanga. Ndinasiya khomo la ndalama za anthu lili pululu chifukwa cha ulesi wokumbukira. Ndipo zaka zonsezi ndinkakondwa kukuonani mukuthawira m'chimanga, ndinkati ndili ndi mkamwini waulemu. Koma tamverani, bambo a Mwatitha. Mwambo umati muthawe maso anga. Sunanene kuti muthawe makutu anga. Yang'anani ku khola ngati mukufuna, koma funsani."

Nkhaniyi itamveka, mudzi unagawikana. Ena ankati Lufeyo ndi chitsiru chimene chinatsala pang'ono kugonetsa minda yonse yopanda feteleza. Ena ankati ayi, akubawa ndi akatswiri, amasaka munthu wamantha ndi wamanyazi, ndipo anamiza kale ngakhale anthu a madigiri. Ine ndimaona kuti onse akunena zoona. Kuopa si mlandu, ndipo ulemu si uchitsiru. Koma uthenga umene ukukuthamangitsa, nukuuza nambala yoti uimbe, nukuletsa kuuza anzako, umadalira chinthu chimodzi chokha: kuti usatembenuke n'kufunsa munthu amene ali kuseri kwa khola.

Feteleza anagulidwa mvula isanagwe. Pa msonkhano wa gulu, wapampando anapempha Lufeyo kuti aimirire afotokozere anthu mmene akubawa amachitira. Iye anafotokoza bwino, osabisa kanthu, atayang'ana kumbali poti apongozi anali kutsogolo. Atamaliza, mayi wina kumbuyo anakweza dzanja.

"Zonse tamva, akamwini. Koma tiuzeni, pa mabeseni awiri aja, bwanji simunafunse kuti la uchi ndi liti?"

Lufeyo anakanda mutu. Asanapeze yankho, aNachisale anamuyankhira, osatembenuka n'komwe:

"Musiyeni, wamva kale ndi mano. Safunsa anadya phula."