Kombi ya Che Jaffalie

M'Mangochi monse munalibe munthu wokonza galimoto mwakhama ngati malemu Che Jaffalie a kwa Mponda, ndipo munalibenso galimoto yokana kuchira ngati yawo. Ukamadutsa m'mawa unkaona miyendo yokha itatulukira kunsi kwa kombi. Pobwerera masana, miyendo yomweyo, kungoti yaloza kwina.

Kombiyo anawasiyira mzungu amene ankamuphikira, pobwerera kwawo. M'kati mwake munali bedi, kabati ndi mbaula ya gasi. Chaka chimene madzi anasefukira n'kugwetsa nyumba yawo, iwo ndi akazi awo, a Mwanamvua, anangosamukira m'menemo. Kwina kogona kunalibe.

Tsoka lake, nyumbayo inali ndi mateyala. Masiku amenewo kukakhala msonkhano, galimoto iliyonse yoyenda inkasanduka ya chipani, yonyamula amayi ovina. Zambiri zinkabwerako zikuchita kukokedwa, zina osabwerako n'komwe. Nanga akanakana ndani? Wokana ankakafotokoza bwino kumene anthu sabwerako msanga.

Tsiku lina anatulukira a Macloud, tcheyamani wa chipani, ayufi ali pambuyo.

"Mwayi wanu, Che Jaffalie! Loweruka kombi yanu ikatula amayi ku Zomba."

"Alhamdulillah, ulemu waukulu umenewo," anayankha Che Jaffalie.

Alendo atangopotoloka, a Mwanamvua anagwira m'chiuno. "Ulemu? Ikakafera ku Liwonde ife tidzafunda chiyani, khadi la chipani?"

Che Jaffalie anasowa mtengo wogwira. Anazungulira kombi, kuzunguliranso, kenaka anatola sipanala. Loweruka a Macloud anapeza injini yonse itayanikidwa pamkeka ngati usipa.

"Ndimati ndiitsuke, bwana, amayi akayende mwaulemu. Ndiye kubwezeretsa kwakeko kwandisokonekera."

Anapulumuka, koma a Macloud sanali mwana. Anatumiza makaniko, Kalisto, munthu wa manja odala mochititsa mantha. Kalisto akamanga uku, Che Jaffalie ankamasula uko. Ankamuthirira tiyi kapu pamwamba pa kapu, kuti akamapita kuseri iwo asolole waya. Anafika pomuuza kuti m'injinimo mumagona mamba. Kalisto anangoti, "Aona kochokera."

Lachinayi masana kombi inalira. Inalira bwino zedi, moti a Mwanamvua anatuluka manja ali kunkhongo, anansi n'kuthamangira poyesa kwagwa zovuta. Che Jaffalie anamuthokoza Kalisto misozi ili mbwembwembwe, mnyamatayo n'kumayesa ndi chimwemwe.

Apa zinali zitafika pa mwana wakana phala. Makaniko atangochoka, mkuluyo anatsamiritsa kombi pa njerwa, nagulula mateyala, batire ndi mabuleki omwe, n'kukazisungitsa kwa anansi, china uku china uko. M'mawa a Macloud anafika ndi amayi atavala kale nsalu zawo.

"Nanga izinso ndiye ziti?"

"Mabuleki, bwana. Ndawapeza atatheratu. Inetu ndine wokonzeka, tiyeni tibwezeretse mateyala tizipita. Koma amayiwa akakagwera mu Shire pamlatho paja, akuluakulu adzafunsa kuti anawakweza ndani. Ine ndidzati chiyani?"

A Macloud anacheukira gulu lawo. Amayi anayamba kubwerera chafutambuyo.

"Konzani msanga! Ndizidzaona ndekha ngati mukukonzadi."

Mawu amenewo ndiwo anawagoneka Che Jaffalie pansi zaka zonse zija. A Mwanamvua akangotsokomola kuti kukubwera wa chipani, iwo ankadumphira kunsi kwa kombi, kaya ali ndi mbatata kukamwa, kaya ali ndi thovu la sopo kumutu. Tsiku lina mayiwo anadwala chifuwa chenicheni, ndipo bamboyo analowa ndi kutuluka mpaka zigongono zinasupuka.

"Kodi mabuleki aja?" ankafunsa a Macloud, akulankhula ndi mapazi.

"Atsala pang'ono, bwana, inshallah!"

Anthu ankaseka, koma mwini wake sankaseka. Msana unapindika, maso anafiira ndi dzimbiri lowagwera. Ankadziwa kuti tsiku limene bodzalo lidzaululike, iwo adzapita, kombi idzapita, ndipo mkazi wawo adzatsala pamtetete.

Mphepo itasintha, anthu n'kuyamba kulankhula za zipani zambiri, a Macloud anasiya kubwera. Che Jaffalie anatuluka kunsi kuja, nadzisasa fumbi.

"Mayi, tsopano ndiikonzadi. Mukwere kutsogolo, tikaone abale anu ku Chowe ngati anthu."

Anayenda khomo ndi khomo kuitanitsa zimene anasungitsa. Mateyala anapeza ali kumapazi kwa asodzi, atasanduka nkhwaira. Batire inafera m'wailesi ya amene anaisunga. Chitsulo cha mabuleki chinali chitapachikidwa pamtengo wa mango, chikuitana ana kusukulu. Anabwerera ndi mabawuti odzaza dzanja limodzi, nakhala pakhomo la kombi, n'kuseka mpaka kutsamwa. Kanali koyamba kuti anansi amve kuseka kwawo.

Dzinja la chaka chomwecho anatisiya. Anapita kumanda pa mapewa a anthu, kombi ili phee pa njerwa zake.

Masiku ano njira ya kwa Mponda ija imasungulumwitsa. Palibe kugogoda kwa chitsulo, palibe wopatsa moni kuchokera pansi. A Mwanamvua anakalambira m'kombimo, ndipo mlendo wina atawafunsa ngati sizinkawawawa kukhala ndi mwamuna wolephera kukonza galimoto imodzi moyo wake wonse, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wolephera? Mwananga, anzanga a amuna odziwa kukonza anatsala ndi makiyi okha. Ine mvula sinandinyowetsepo ngakhale tsiku limodzi."