Nazale ya Mpunga pa Bwalo la Gofu

Anzanga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ine, mwana wa kuno kwa Mwambo kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndinatenga mayi a kunyumbawa n'kudzamanga nawo kuno kunyanja. Ena mumanong'onezana kuti apongozi ndinawadyetsa mankhwala. Ayi ndithu, linali khasu chabe, ndipo lero ndikuuzani kuti mundisiye.

Esinati, mayi a kunyumbawa, ndinamuona ku Kachulu atabwera kwa azakhali ake nthawi yokolola mpunga. Tinagwirizana, koma bambo ake, a Chikopa, ankagwira ntchito ku Zomba, ndiye panafunika kuti ndikaonekere. Ndinanyamuka ndi malume anga a Nampinga, munthu amene anakhalako ku Joni, ndipo chibwerereni sanayankhepo funso ndi mawu akuti sindikudziwa. Tinakwera lole ya matemba, khadi ya chipani ili m'thumba la malaya poti masiku amenewo popanda iyo sunkafika patali, pamiyendo kathumba ka mpunga wa faya wosasinja koti tikapereke kwa apongozi. Malume anandilangiza njira yonse. "Kumeneko usakachuluke mafunso. Mkamwini sayankhula, limamuyankhulira ndi khasu. Ukadzuke m'mawa eni ake asanadzuke, ukagwire ntchito osadikira kuuzidwa."

Kanyumba ka a Chikopa kanali kumapeto kwa bwalo limene azungu ndi akuluakulu a boma ankasewererapo gofu. Ine gofuyo ndinali ndisanamuonepo, koma bwalolo linandigwira maso. Udzu wometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu, kuchoka kuno mpaka uko, n'kukhota kuseri kwa mitengo, n'kupitirira. Ng'ombe palibe, mbuzi palibe, ngakhale phesi limodzi la chimanga. Apa chidzenje cha mchenga woyera, apo kadamu, apo kachulu koma chiswe mulibe. Ndinkangodzifunsa kuti kodi mpira wake ndi waukulu bwanji woti ufune malo onsewa? Nanga zigoli zili kuti? Kukhosi kunkandiyabwa ndi mafunso, koma ndikayang'ana malume, iwo ankandithyolera diso.

Tsono kuseri kwenikweni kwa nyumba, kungodumpha kampanda ka maluwa, kunali kamalo kozungulira, kosalala ngati mphasa yatsopano, kobiriwira kuposa pena paliponse, pakati pake atazikapo kamtengo ka kansalu kofiira. Madzulo tili pakhonde a Chikopa analoza pamenepo akucheza ndi malume.

"Kamalo ako kandimaliza msana, achimwene. Madzi m'mawa, madzi madzulo. Tsiku ndi tsiku ndimagwadapo kuzula tiudzu, mawa lake tamera tina."

Atalowa m'nyumba ndinawanong'oneza malume kuti kodi kamaloko n'kachiyani.

"Dimba lawo," anatero osaphethira. "Ku Joni n'chimodzimodzi, wantchito amamudulira kamalo kumapeto. Kansaluko n'koopsezera mbalame. Udzu wawakanika basi, akula bambowa."

Mtima wanga unachita kuti myaa. Malo athyathyathya chonchi, a chinyontho, madzi ali pafupi, ndani wa ku Chilwa amene sangaone nazale ya mpunga? Mbewu ndinali nayo kale m'kathumba. Ndinati Esinati ndamupeza.

Kutangoyamba kuyera ndinatenga khasu la a Chikopa kuseri kwa chitseko cha khitchini n'kudumpha kampanda kaja. Ndinazula kaye kamtengo ka kansalu, ndipo pansi pake ndinapeza kauna kozungulira bwinobwino, m'kati muli kachitini. Ndinagoma. Ndinati anthu a m'tauni nzeru, msampha wa mbewa wokhala ndi chizindikiro chake chomwe. Ndinasuzumiramo, ndinapisamo dzanja, mbewa munalibe. Kachitini ndinakaika pambali kuti kasawonongeke, kauna ndinakakwirira n'kupondaponda.

Ndiye ndinalavulira m'manja. Anzanga, chibadwire sindinalimepo dothi lomvera ngati limene lija. Udzu unkangosendeka ngati chikopa cha mbuzi, pansi pake dothi lakuda, lofewa, lopanda ngakhale kamwala. Ndinkalima ndikuwamvera chisoni apongozi kuti zaka zonsezi akuzula ndi zala chinthu chongofunika khasu. Nditafika pakati ndinaona kuti chidzenje cha mchenga chagundana ndi dimba, mvula itagwa mchengawo udzakwirira mbande, ndiye ndinaunjika zigamphu za udzu zija m'mphepete mwake kuti zitchinge. Kenako ndinaganizira za msana wa bambo aja ndi ndowa zawo za m'mawa ndi madzulo. Kadamu kali pamtunda pang'ono, dimba lili kumunsi, vuto lili pati? Ndinakumba kangalande, madzi anabwera okha akuyenda mwaulemu, ndinapondaponda mpaka matope anafika m'akakolo, ndinawaza mpunga wanga. Kamtengo ka kansalu ndinakazika pakona, chifukwa mpheta zimayambira kumbali.

Ndili chiimire kusirira ntchito ya manja anga, ndinangomva kuti thapwa pafupi ndi phazi. Kuyang'ana, kanthu koyera kolimba, kochepera dzira la nkhuku, thupi lonse tizibowo ngati kadwalapo nthomba. Ndinayang'ana kumwamba, mtengo palibe. Ndinakaluma pang'ono, dzino linabwerera. Ndinakapukuta n'kukaika m'thumba kuti ndikafunse malume.

Posakhalitsa pa kachulu paja panatulukira anthu: mzungu wa kabudula, bwana wachikuda wamimba yake atavala zoyera zokhazokha, ndi amuna awiri atawasenzera zikwama zodzaza ndodo. Ine ndinakhazika khasu paphewa kuti aone bwino mkamwini wa a Chikopa. Mzungu anaima, nkhope inafiira mpaka m'makutu, pakamwa pali yasa. Bwana wachikuda anayang'ana matope, anayang'ana ngalande, kenako anandiyang'ana ine.

"Mbendera wazula ndani?"

Inu amene munakhalapo masiku amene aja mukudziwa kuti mawu akuti mbendera sanali oseweretsa. Munthu ankatha kupita osabwerako pa nkhani yochepera pamenepo. Ndinagwada m'matope momwemo, ndinapisa m'thumba kuti nditulutse khadi ya chipani, ndipo chimene chinatuluka ndi kampira kawo kaja.

Nthawi yomweyo a Chikopa anatulukira ndi ndowa ziwiri za madzi. Anazitula pansi pang'onopang'ono, anavula chipewa, anangoti, "Mayo ine." Sanandikalipire ayi. Bola akanandikalipira. Kumbuyo kwawo Esinati anali atagwira pakamwa, ndipo mpaka lero amakana kundiuza ngati ankalira kapena ankaseka. Malume ndinawafunafuna ndi maso, koma akuti anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti akufuna kukaona msika wa Zomba.

Bwana uja anafunsa kuti ndine yani, a Chikopa anafotokoza maso ali pansi, iye anamasulirira mzungu. Kenako anazungulira nazale yanga manja ali kumbuyo.

"Kwanu ndi ku Chilwa eti?"

"Inde, bwana."

"Zikuoneka. Agogo anga akanakupatsa mkazi lero lomwe." Anatembenukira kwa a Chikopa ndipo kumwetulira kunatha. "Kumapeto kwa mwezi wamawa kuli mpikisano, kubwera alendo. Pakadzakhala pasanabwerere mwakale, inu ntchito yatha, nyumbanso mutuluke."

Apo ndiye ndinamva manyazi enieni, osati a matope aja. Bambo wa ana asanu ndi mmodzi, ntchito imene anakulira, denga la banja lonse, zonse ndinaziika pa khasu m'mawa umodzi pofuna kuoneka wolimbikira. Ndinawauza a Chikopa kuti sindibwerera kunyanja mpaka pakhale bwino.

Masabata amenewo ndinawathera chogwada. Tinatseka ngalande, tinasalaza, tinabwezera zigamphu chimodzichimodzi ngati tikusoka chigamba, zolowa m'malo mwa zowonongeka tinkakadula kwina. M'menemo ndinamasuka n'kuyamba kufunsa mafunso anga aja, ndipo mayankho ake anandizunguza mutu kuposa poyamba. Akuti kauna kaja ndiye chigoli, ndipo tilipo tambiri, kalikonse ndi kamalo kake kosalala. Akuti mchenga uja anachita kubwera nawo pa lole n'kuuthira dala pafupi ndi chigoli kuti kampira kazititimiramo. Kadamu anakumba dala kuti kampira kazimiramo. Kachulu anaunjika dala kuti asamaone kumene akumenyera. Ngakhale kukhota kuja akuti munthu anakhala pansi n'kukonza kuti mitengo iziwatchinga.

"Ndiye kuti amadzikumbira okha mavuto, kenako n'kumakwiya akagweramo?" ndinafunsa tsiku lina.

"Ukaona m'mene amatukwanira mumchengamo," anatero a Chikopa, ndipo aka kanali koyamba kundiseka.

Koma mpunga wa faya sudziwa gofu. Udzu utayamba kugwira, timbande tinayamba kusuzumira pakati pake, tobiriwira bwino, tosangalala ndi madzi a m'mawa ndi madzulo. Tikazula lero, mawa tamera tina. Ine, amene ndinkawamvera chisoni apongozi chifukwa chozula udzu ndi zala, ndinkagwada pambali pawo kuzula mpunga wanga womwe. Mpikisano unachitika, alendo anasewera, ntchito ya a Chikopa inapulumuka. Za ukwati sanatchule kanthu, ndipo ine ndinakwera lole kubwerera kuno ndikudziwa kuti Esinati ndamuphonya.

Patapita nthawi ankhoswe a kuchikazi anabwera kwa malume, amene tsopano ankauza aliyense kuti iwo anandichenjeza. Tinakhala pamphasa, mkulu wawo anakonza kukhosi.

"A Chikopa akuti mnyamatayu ndi wolimbikira, sanaonepo. Akuti sanathawe, mwana wawo akhoza kumukwatira. Koma apempha chinthu chimodzi. Mkaziyo mumutenge adzakhale konkuno kunyanja, za chikamwini ayi. Akuti kumudzi kwawo kwa Kuntumanji kuli bwalo la mpira la ana asukulu, ndipo ndi lathyathyathya."

Ndi m'mene ndinapezera chitengwa, anzanga. Mpaka pamene a Chikopa anamwalira, ndikapita kukawaona ankandilandira bwino, madzi osamba, nkhuku, zonse, koma khasu ankalibisa kudenga. Ndipo ine ndinalumbira kuti ndikaona malo osalala, obiriwira, opanda mbuzi, ngakhale dothi lake linditchule dzina, manja ndiziika m'thumba mpaka mwini wake andiuze ndi pakamwa pake kuti lima apa.