Madzi Odalitsidwa m'Mbale za Rozita

Lolemba
Sindinagone. Chifukwa chake: mbale makumi anayi zofiira zili m'jeleira, firiji ya Rozita, ndipo kiyi ali ndi ine.

Rozita ndi mwana wa malemu achemwali. Udotora anamaliza koma akufufuzabe. Akuti tizilombo ta chibayo timavala chikhoti choterera, asilikali a m'thupi n'kumatidutsa osatigwira. Mbalezi ndiwo munda wake, wothira magazi a nkhosa. Lolemba likubwerali adzadzalamo tizilombo ta m'mphuno mwa ana a ku Chiuta. Ndi ulendo womaliza. Zikakanika, zaka ziwiri zalowa m'madzi.

Rozita wakwera shapa, minibasi ya ku Cuamba. Malamulo ake:
– kulemba kuzizira kwa jeleira m'kaderno, kabuku kake, m'mawa ndi madzulo
– osatsegula mbale
– "Amalume, ndati OSATSEGULA."
Zosavuta.

Lachiwiri
Pa mjigo amayi akuleka kucheza ndikafika. Mayi Asiyatu a mandazi: "Akatekisita, nyumba yosungira magazi mumalowamo bwanji ndi kolona m'khosi?"

Ndinafika kalasi ya khumi ine. Ndikudziwa kuti anamapopa kulibe. Komabe jeleirayo ikubuula ngati munthu wotsekeredwa.

Ndiulule: ndatsegula. Dontho limodzi la madzi odalitsidwa m'mbale iliyonse, zonse makumi anayi. Mtima wakhala pansi.

Lachitatu
Enerejiya yapita m'mawa, magetsi azima dera lonse. Jeleira ili zii. Kubuula kuja bola. Dzuwa likuswa mtengo. M'kaderno ndakopera nambala ya dzulo. Tchimo lachiwiri.

Lachinayi
Enerejiya sinabwere. Mayo ine, zamera! Pomwe panagwa madzi paja pali timadontho: toyera, tachikasu, tina tozunguliridwa ndi zobiriwira ngati diso la nsomba yogona. Mbale yapamwamba ikundiyang'ana, ndaitembenuza.

Muno salowa munthu, ndimakhoma ndekha. Nanga zadzera pati?

Ndapukuta mbale khumi ndi mpango wanga woyera. Zayera ndithu!

Lachisanu
Momwe munadutsa mpango mwamera msewu wonse. Khumi zija ndiye zaposa zinzake. Fungo ngati la nsapato yonyowa.

Ku Misa ndaima pakhomo kuyang'ana mbiya ya madzi odalitsidwa. Zala zomwe zalowamo:
– za bambo wa nsomba
– za agogo otsokomola aja
– za kamwana, zongochoka kumene m'mphuno
– zanga
Ndipo amene amatunga madziwo pachitsime cha kuseri kwa tchalitchi ndine.

Ndatsokomola kawiri. M'thupi muli bata. Rozita amati bata ndiye limaopsa.

Loweruka
Ndaganiza zopeza nkhosa kuti Rozita adzapange mbale zina. Pamsika wa Insaca ndafunsa mwini nkhosa, mokweza chifukwa cha phokoso: "Nyama ayi, ndikufuna magazi okha!"

Msika wonse zii. Mwiniwake wamasula nkhosa, ulendo, osatsanzika. Mayi Asiyatu asenza beseni, mandazi asanathe.

Enerejiya yabwera. Jeleira yayambanso kubuula, tsopano ikusunga bwinobwino zomera zanga.

Lamulungu
Ndakalapa. Apadiri akuti: "Madziwo ndinadalitsa, sindinawiritse. Kaululeni kwa mwini mbale."

Ndiye basi. Msilikali wopusa uja wa m'nkhani za Rozita ndine. Mdani anabwera atavala za kutchalitchi, ine n'kumutsegulira ndekha, kamakumi anayi konse.

Ndamulembera pafoni:

"Rozita mwanangu, mbale zonse ndaononga ine malume ako, ndi madzi odalitsidwa. Nambala za m'kaderno kuyambira Lachitatu n'zabodza. Mawa usapite ku Chiuta, uwauze adikire. Nkhosa andikaniza. Kodi magazi a mbuzi angachite? Ndili nayo imodzi, ija ndimasungira Khirisimasi. Undiyankhe kusanache, ngakhale kundikalipira kokha."

Zikuonetsa kuti wawerenga. Sanayankhe.

Mbuzi ndaimangirira kale pakhomo pa nyumba ya jeleira. Ikukana kuyang'ana mkati.