Khoma la a Tembo

Ku mpingo kwathu kuno ku Ipusukilo ana akandiona amabisa manja kumbuyo n'kumaseka. Chifukwa chake ndikuuzani ndekha, musakamve kwa ena.

Anandikokera ku holo ya mpingo ndi Bana Mwila, mnzanga woyandikana naye nyumba. "Tiyeni ku holo, amake Yosefe, okalamba akuphunzitsidwa zojambula. Kwaulere!" Mawu akuti kwaulere ndiwo anandiveka nsapato.

Tinafika teni koloko. Mphunzitsi wake, mayi Daka, anatipatsa aliyense pepala, burashi ndi timabotolo ta penti. "Jambulani kwanu kumene munakulira," anatero.

Mtima unagwa. Ine cholembera sindinachigwirepo chibadwire, ndiye burashi ija ndinaifumbata ngati mpini wa khasu. Anzanga ali jambule jambule timitengo ndi timbuzi. Ine ndinangodontheza kofiira apa, kakuda apo.

Kenaka ndinati, ooh, ndazindikira! Kwathu ku Katete tikamakongoletsa nyumba, dothi timayamba taliyesa pa phale, tione ngati katondo wafiira bwino. Pepalali ndi phale basi. Nanga munthu angajambule kwawo pa kanthu kochepa ngati mpango? Ndipo kumbuyo kwanga kunali khoma loyera mbee, lopanda kanthu, likungondiyang'ana.

Anzanga atatuluka kukamwa tiyi, ndinamanga chitenje, n'kuthira penti m'mbale. Burashi pansi. Zikhatho m'mbale. Mzere wakuda m'munsi, mano a ng'ona ofiira pamwamba pake, monga ankachitira mayi anga. Manja anakumbuka okha. (Ndinayimbanso nyimbo, anthu inu. Wakuba sayimba.)

"Mayooo!" Anali Bana Mwila pakhomo, kapu ili m'manja. "Amake Yosefe, mwatipha! Khomali apaka a Tembo okha sabata yatha!"

A Tembo ndi mkulu wa mpingo, anapuma ntchito ku fakitale ku Ndola, ndipo mwana akangotsamira khoma limenelo amamutengera kwa makolo ake. Ndinadziona nditaimikidwa pamaso pa akulu a mpingo, bulauzi ya Chigwirizano atandivula. Zaka zonsezi ndaivala popanda mlandu! Ndinayesa kupukuta nkhope thukuta, ndiye ndinadzipakanso penti mpaka m'makutu.

Mayi Daka anangogwira pakamwa. Wina anali atathamanga kale kukawaitana.

A Tembo analowa, chipewa m'manja. Anayang'ana khoma. Anayang'ana ine. Anayang'ananso khoma, nthawi yaitali.

"Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Katete, abambo. Pepani, ndichapa ndekha."

"Mwalakwitsa," anatero.

"Ndavomera, abambo."

"Mwaiwala madontho oyera pakati pa manowa. Kwathu ku Chadiza mayi anga sankasiya madontho." Anakhosomola ngati ndi fumbi. Anatola botolo la penti yoyera, n'kundipatsa ndi manja awiri. "Malizani. Mukatha, khoma la uko nalonso lili mbee."

Lachitatu lotsatira mayi Daka anasunga maburashi onse m'chikwama. Nkhalamba twente, zikhatho m'mbale, ine kutsogolo. Ine amene sindidziwa kulemba dzina langa, akuti aphunzitsi! Bana Mwila ndiwo mbuli ya kalasi, mano awo a ng'ona amaoneka ngati a mbuzi.

Ndaphunzira kuti chinthu cha eni uziyamba wafunsa. Komatu khoma la Bana Mwila ndi loyera, ndipo m'mawa uliwonse amapita ku msika wa Chisokone.