Tsiku Limene Bigi Anatsamwitsa Imelo

Pulani inabadwira pa bala ina ku Morley, kuno kutsidya kwa nyanja, ine ndili pomwepo, pa botolo lachinayi, nthawi imene munthu aliyense amasanduka pulofesa.

"Amwene, mbava yothyola zitseko ndi yotsalira," anatero Chiukepo, amene anzake amamutcha Bigi. Mkuluyu ankagwira ntchito pa kampani ina yofufuza miyala ku Kwinana, ndipo viza yake inali yomangiriridwa ku ntchitoyo ngati mbuzi pachikhomo. "Mapu a golide ali m'kompyuta ya kampani yathu. Ukangopempha pa imelo, makina amatumiza okha. Tikagulitsa ku kampani ina, taphula."

"Za bho, Bigi," anavomera Goodwill, amene anapatsidwa dzina loti Netiweki chifukwa anakonzapo foni ya mlamu wake kamodzi. Iyeyu ndiye anatsegula adiresi yabodza yolandirira katunduyo.

Lolemba masana Bigi anakhala pa kompyuta ya aliyense m'chipinda chomwera tiyi. Wakuba wamanyazi akanapempha fayilo imodzi. Bigi wathu anapempha zonse, kuyambira chaka chimene kampaniyo inatsegulidwa. Ataona kuti palibe chikufika, anaimbira Netiweki, katswiri wake.

"Dinaninso, Bigi. Makina a kuno amafuna kuwakakamiza."

Anadina, nadinanso, mpaka chala kuwawa.

Tsono seva yotumiza imelo inali imodzi, yogawana makampani onse a m'nyumbayo, ndipo inatsamwa. A kampani ya mathanki a mafuta sanalandire maoda. A inshulansi anangopinda manja. M'makonde munali kulozana zala kokhakokha, aliyense akuti walakwa ndi mnzake.

Natalie, mayi woyang'anira makompyuta, sanakalipe. Anangoyenda ofesi ndi ofesi akumwetulira. "Amene wapempha mafayilo akuluakulu aja, pepani, imelo singawanyamule. Abwere ndi fulashi ndimuikire."

Ngakhale mbewa ikanaununkhiza msampha umenewo. Koma Netiweki atamva pa foni anangoti, "Mwaona ulemu wa azungu? Ndikubwera nayo!"

Analowa kwa Natalie onse awiri, Bigi patsogolo, ali ndi mkwiyo wa munthu wolakwiridwa.

"Mayi, vuto ndi seva yanuyi," anatero. "Munthu ndapempha kambirimbiri, osafika ngakhale mapu amodzi!"

"Ndiye munapempha ndinu?"

"Nanga ndani?"

Kuseri kwa chitseko kunali bwana wa kampani ndi mlonda, akumwa khofi. Netiweki, pofuna kuonetsa kuti iye ndi mlendo chabe, anapereka fulashi ija ndi manja awiri. Natalie ataitsegula anaipeza yodzaza ndi mavidiyo a ukwati wa mlamu uja, yopanda malo oikamo ngakhale chithunzi.

Ntchito inatha tsiku lomwelo, viza nayo inatsatira. Ndinamuperekeza Bigi ku bwalo la ndege, ndipo chisoni chinandigwira ndithu, mpaka pamene anandikokera pambali.

"Amwene, chilungamo palibe," anatero. "Anagula seva yaing'ono ndi iwo, koma wothamangitsidwa ndine."