Timagalasi ta Nachisale M'chigafa Changa

Amene akuti ndimanama apite ku Bowe akafunse ngati alipo wina anawetapo dzuwa kuposa ine. Koma musafulumire kuseka, nkhani iyi mathero ake si osangalatsa.

Mwana wanga Nachisale, uja amaphunzira sayansi ku yunivesite, anabwera ndi timagalasi ta sola ta mtundu watsopano, takuda bii, topyapyala ngati chikhadabo, dzina lake akuti perovisikaiti. Anati timagwira dzuwa bwino koma timafa msanga, ndiye iye anapeza njira yoti tikhalitse, ndipo tikapirira miyezi itatu padenga langa adzalandira digiri yake.

Mukumva? Kagalasi koyamba ndinakalumikiza ku wailesi, wailesiyo n'kuyamba kuwerenga nkhani za mawa. Kachiwiri ndinakaika ku pampu, kanakoka dambo lonse mpaka achule anapezeka pakhonde panga akuyang'anana, ng'ombe za ku Madisi zili pamzere kudzafunsa madzi awo. Tonse pamodzi tinayamwa dzuwa mwakuti kuseri kwa mapiri a Ntchisi anthu anafunda mabulangete masanasana, atambala n'kulira kawiri. Ndinaona ndi maso awa.

Pobwerera kusukulu anandisiyira mawu: "Ababa, zinthuzi musagwire. Muzingoyang'anira."

Tsono ine fodya ndalima zaka zochuluka kuposa tsitsi la m'mutu mwangamu, ndipo ndikudziwa kuti tsamba lakuda ogula amalikankha ndi phazi, lowala ndilo amalivulira chipewa. Nditaona kagalasi kamodzi kayamba chikasu m'mphepete, ndinati eya, aka kapsa, tina tonseti tikungochedwa. Ndinatsitsa tonse, kumatula zomatira zija anatsekera m'mbali kuti tipume, kuyala m'chigafa momwe ndimaumitsira fodya, n'kumawaza madzi ndi tsache m'mawa uliwonse monga timafewetsera masamba. Ine ntchito sindilephera. Pofika Loweruka tonse tinali chikasu ngati dzungu lakupsa.

Ndinamuimbira foni. "Bwera udzaone, ntchito ya miyezi itatu ndakumalizira sabata imodzi."

Anabwera. Anagwada m'chigafamo ndi kamakina kake koyezera magetsi, kuyesa kagalasi koyamba, kachiwiri, mpaka kotsiriza. Kamakinako kanangoti zii.

"Ababa," anatero, "kuda kuja ndiwo unali moyo wake. Mdani wa timagalasiti ndi chinyezi, n'chifukwa chake ndinamata m'mbali. Tikachita chikasu ndiye kuti tafa."

"Koma mtundu wake ndi wa giredi yoyamba," ndinatero ine.

Sanalire, sanakalipe. Bola akanandikalipira. Anakulunga timagalasito m'chitenje kamodzikamodzi ngati anapiye ofa, n'kundifunsa ngati mwendo wanga unasiya kupweteka.

Chaka chimenecho anzake anavala mikanjo kulandira madigiri, iye anayambiranso. Timagalasi tatsopano timene anapanga anakatiika padenga la mlamu wanga ku Mtengowanthenga, munthu wosadziwa n'kusankha fodya komwe, ndipo akuti mpaka lero tidakali takuda. Ndikamadutsa pamenepo panjinga, chipewa ndimachitsitsira kumaso.