Kopelayiti ndi Kalendala ya Amalume

Lolemba, 15 Disembala

Tamara wakwiya. Akuti amalume ake sakukhulupirira kuti ndili ku Dubai. Zithunzi zanga zonse ndi za pabedi lam'mwamba, kumbuyo kuli thaulo, ndiye akuti mwina ndikungobisala ku Mchinji. Ine, mlonda wa hotela ya ku Downtown, ku Mchinji! Lamlungu a kwawo akukhala pansi kukambirana za chinkhoswe chathu, ndipo pali mkulu wina wa minibasi amene wayamba kuzungulirazungulira pakhomopo. Mtima uli m'mwamba.

Mwayi wake, kutsogolo kwa hotela aika magetsi a Khirisimasi. Ngamila yowala, akanjedza ovala nyenyezi, mngelo wamtali kuposa tchalitchi chakwathu.

Pulani:
- kujambulitsa pamenepo
- kusindikiza kalendala yaikulu
- amalume atseke pakamwa.

Lachiwiri, 16

Pa perete ya m'mawa supavayiza akuloza magetsi aja: "Awa ndi a kopelayiti. Mwamva?" Ndamva, bwana! Kope ndi kukopera, layiti ndi getsi. Ndiye kuti aliyense akopere magetsiwo mmene angafunire. Chizungu cha Fomu 4 sichinapite pachabe.

Madzulo akundijambula ndi Mabvuto, m'Zambia wa bedi lapansi. Ndabwereka jekete yake, wayilesi ya ulonda ndaibisa kumsana. Ndikuoneka ngati mwini ngamila.

Lachitatu, 17

Ku Naif, dera la mashopu kuno ku Dubai, pa kashopu kosindikiza. Mwini wake akuyang'ana chithunzi nthawi yaitali: "Habibi, bwenzi langa, chilolezo?" Ndikumuyankha modzikweza kuti kopelayiti ilipo, bwana wanena yekha pagulu. Akuvomera ndi mutu.

Chamusangalatsa mpaka wasindikiza china chachikulu cha iye mwini, wachipachika pawindo, pansi pake walemba dzina la shopu kuti chizikopa makasitomala. Nkhope yanga ku Naif, abale! Ndadutsa pawindopo kangapo ngati ndataya kanthu.

Lachinayi, 18

Zavuta. Wina wa ku ofesi wapita ku Naif kukagula zofukiza, wandipeza ndikumwetulira pawindo. Andiitana.

Mayi a ku ofesi alemba R ndi L papepala, akufunsa ngati ndikuona kusiyana. M'maso ndikukuona, mayi, koma pakamwa ayi. Kwathu ungati Lilongwe, ungati Rirongwe, basi imakufikitsabe.

Kani mawuwo si layiti, ndi rayiti, ufulu wa mwini chinthu. Ngamila ija ili ndi mwini! Katswiri wina anaiganiza, anaijambula, anapinda mawaya, ndiye ndi yake monga nyimbo imakhalira ya woipeka. Wofuna kutsatsira malonda chithunzi chake amayamba wapempha. Zoona? Kwathu mwini getsi ndi amene wagula mayunitsi.

Chilango: kulondera magalimoto kunsi, ku besimenti. Kalendala ailetsa.

Lachisanu, 19

Mabvuto wasanduka loya. "Iwe mudala, iyi ni nkhani ya ndende. Ukatuma pa foni bazakugwila pa eyapoti. Futa vonse!" Munthu wake amakolopa makhonde, koma amalankhula ngati anabadwira m'khoti.

Ndafufuta zonse, ngakhale cha nyali ya m'bafa.

Zondivuta mumtima:
- mwezi ndi wa ndani?
- ziphaniphani zimapempha kwa yani?
- nanga maso angawa, poti anaona kale ngamila, andikolowola?

Tamara walemba mawu amodzi: "Chithunzi?" Ndayankha kuti inshallah. Sanaseke.

Loweruka, 20

Ndabwerera ku Naif. Chapawindo achichotsa, mwini shopu sakunditchulanso habibi. Chithunzi chikadali m'kompyuta yake. Ndikumuuza achotsemo chilichonse chowala: ngamila, nyenyezi, mngelo. "Zonse?" Zonse, yalla, fulumirani! Wadina apa, wadina apo, khalas, zatha.

Ndatsala ndekha mumdima bii, mano okha mbee. Jekete ya Mabvuto, poti ndi yakuda, nayonso yasowa. Koma palibe angandimange. Nthawi yatha, ndachitumiza momwemo pa foni, ndi mawu akuti: Moni amalume, kuchokera ku Dubai.

Lamlungu, 21

Supavayiza wanditsikira ku besimenti, akuseka mpaka kugwira khoma. Akuti kutumizira chibwenzi chithunzi palibe akanandiletsa, alendo amajambula ngamilayo tsiku ndi tsiku, vuto linali windo lija basi. Nanga Lachiwiri lija pakamwa panali potupa?

Kunsi kuno netiweki kulibe. Masana ndathamangira kumtunda, jekete sindikuifunanso, ndijambulitsa ndi yunifomu yomweyi. Magetsi ngozima, amayatsa dzuwa likalowa. Foni yalira. Tamara:

"Amalume aona. Akuti magetsi akayaka ku Mchinjiko muwadziwitse. A minibasi abwera ndi ankhoswe awo."

Wanditchula mwaulemu, mtsikana amene amanditcha iwe kuyambira ku pulayimale. Zandiwawa, sindinama.

Ndabwerera kunsi. Kuli getsi limodzi, likuphethira pamwamba pa galimoto ya eni ake. Sindikulijambula.